THANKI YACHIWIRI PA PIKAPU: NDAIKA, KOMA MVERANI KAYE

Abale anga a pagulu pano, ndabweranso mwana wa msodzi uja. Uthengawu ndi wautali, ngati muli pa ntchito usungeni muwerenge madzulo.

Sabata yatha ndikutsitsa usipa pa msika wa Kawale, anthu awiri anandifunsa za chibokosi chachitsulo chili kumbuyo kwa pikapu yanga. Nditawauza kuti ndi thanki yachiwiri ya dizilo, woyamba anati, "Achimwene, mundilozere amene anakupangirani, nanenso ndikuifuna." Wachiwiri anapukusa mutu n'kuti, "Ndiye inu amene mukutimalizira mafuta pa filingi eti?" Ndikuwayankha onse awiri pompano, chifukwa aliyense ali ndi mfundo.

Ndiyambe ndi chimene ndinaikira. Ine ndimakhala ku Area 23, koma mchombo wanga uli kunyanja, ku Salima. Ntchito yanga ndi kutenga nsomba ku Senga Bay, ku Nkhotakota, nthawi zina mpaka ku Monkey Bay, kubweretsa kuno kwa amayi a m'misika ya Kawale, Chinsapo ndi Mgona. Thanki ya galimoto yanga imalowa malita 80. Kunena zoona, amenewa amakwana kupita ndi kubwera. Vuto si kutalika kwa msewu ayi. Vuto ndi loti masiku amene mafuta asowa umanyamuka ndi theka, ukuyembekeza kuti ukathira kutsogolo, kutsogoloko n'kukapeza pampu yavekedwa thumba.

Zinandichitikira. Ndinagona pa mzere ku Salima usiku wonse mpaka masana, kumbuyo ndili ndi utaka wauwisi. Ayezi anasungunuka ndikuona. Madzi akudontha pansi pa galimoto, ntchentche zayamba msonkhano. Nsomba zija ndinatenga pa ngongole kwa alovi a bambo anga, anthu amene anagona pamadzi usiku wonse akukoka chilimira. Theka ndinagulitsa motaya, theka ndinakwirira. Amene anaonapo nkhope ya mlovi ukumuuza kuti ndalama yake yaola akudziwa chimene ndikunena.

Ndipo tisanamizane kuti vutoli ndi la dzulo. Tinaliona mu 2011 ndi 2012, linabweranso mu 2022, ndipo kuchokera pamenepo lakhala likupita n'kubwerera ngati malungo. Dontho lililonse la dizilo amene timathira limachokera kunja, kudzera ku Beira, ku Nacala kapena ku Dar es Salaam, ndipo limagulidwa ndi madola. Madola akasowa, mzere umabadwa. Kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti mu November 2023 tonse tinamva kuwawa kwake m'thumba. Ndiye munthu wa bizinesi ya katundu wowola akamaganiza zosunga mafuta a ulendo wake, musamutenge ngati wamisala.

Poyamba ndinkachita zimene ambiri timachita: zigubu. Zija za mafuta ophikira za malita 20, kuzimanga ndi linya pakati pa madengu. Tsiku lina chimodzi chinang'ambika pakamwa tili pa mabampu. Dizilo sanafike n'komwe pa nsomba zonse, koma fungo linalowa paliponse. Usipa wouma uli ngati siponji, umamwa fungo. Mayi wina wa ku Chinsapo amene ndakhala ndikugulitsana naye zaka zambiri anangonunkhiza kamodzi n'kuti, "Mwananga, ndiphikire ana anga kapena ndithire mu jenereta?" Anabweza madengu onse. Onjezani apo kuti a MERA akhala akuletsa kugula mafuta m'zigubu popanda chilolezo. Apa mpamene ndinati basi, ndipangitse thanki yeniyeni.

Tsono inu achimwene amene mukuifuna, safunsa anadya phula. Mverani izi musanapite kwa owotcherera ku Biwi kapena kulikonse.

1. Chitsulo chikhale chatsopano, kaya chitsulo wamba chokhuthala kaya aluminiyamu. Osati malata onyezimira aja, chifukwa dizilo amadya utoto wake wa zinki, zinyalalazo n'kukatseka injini. Ndipo musalole munthu kudula kapena kuwotcherera diramu imene munakhalapo mafuta. Ngakhale ioneke youma, mpweya wotsalira mkatimo umaphulika ukakumana ndi moto.

2. Mkati mukhale zipupa zogawa thankiyo, zokhala ndi timabowo pansi. Ichi ndinachiphunzira ndili mwana, osati pa galimoto koma m'bwato. Bambo ankandikalipira ndikachedwa kukapa madzi. Ankati, "Iwe, chimene chimagubuduza bwato si funde la kunja lokha, ndi madzi amene ali mkatimo." Bwato likapendekera uku, madzi onse amathamangira komweko n'kulimaliza. Dizilo wa malita 100 m'thanki yopanda zipupa amachita chimodzimodzi pa kona kapena ukaponda buleki mwadzidzidzi. Amene mumatsika mapiri a Golomoti mukundimva.

3. Werengani kulemera. Lita imodzi ya dizilo imalemera pang'ono kupitirira magalamu 800. Malita 100 ndi makilo oposa 80, osawerengera chitsulo. Amene akulota za malita 200 adziwe kuti wanyamula matumba atatu a chimanga ndi kachidutswa, ulendo uliwonse, ndipo malo amenewo achoka pa katundu wolipira. Yanga ndi ya malita 100, ndipo yakwana.

4. Ikhale kutsogolo kwa bodi, kutsamira kumene kuli dalaivala, osati kumchira. Imangidwe ndi mabauti ndi zitsulo zolimba pansi pake. Chingwe ndi linya ndi zomangira madengu, osati thanki.

5. Ikhale ndi kapaipi kopumira ndi chitsekerero chogwira bwino, ndipo musamadzaze mpaka pakamwa. Dizilo akatenthedwa amafufuma. Dzuwa la October kunyanja silisewera, mukadzaza ndee mupeza akutuluka yekha.

6. Musangolumikiza paipi kuti mafuta azitsika okha kupita ku thanki yapansi. Yapansiyo ikadzaza, otsalawo amafuna potulukira, ndipo mudzathirira msewu wonse osadziwa. Pakhale mpopi wotseka, kapampu kakang'ono, ndi sefa yochotsa madzi. Thanki yokhala theka imachita thukuta mkati usiku, madziwo amakhala pansi, ndipo ma injector a magalimoto amakonowa salola madzi ngakhale pang'ono. Funsani makaniko mtengo wake, mukhala pansi.

7. DIZILO YEKHA. Petulo ayi, ndabwereza, petulo ayi. Dizilo amafuna kutenthedwa kaye kuti agwire moto, koma mpweya wa petulo umayaka ngakhale m'mawa wa June. Tisaiwale za ku Caphiridzange, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, mu November 2016, pamene thanki ya galimoto ya petulo inaphulika anthu akutunga, n'kupha anthu oposa 70. Ambiri anali anthu ngati ife, ongofuna kachigubu kamodzi.

8. Musanawononge ndalama, kafunseni a Road Traffic, a inshuwalansi yanu ndi a MERA. Kuli bwino kumva "ayi" muli mu ofesi kusiyana ndi kumva "sitilipira" galimoto itapsa. Ndipo gulani chozimitsira moto chenicheni, osati chija chongoonetsa apolisi pa roadblock.

Tsopano ndibwere kwa m'bale wachiwiri uja, amene anati tikumalizira ena mafuta. Amwene, munanena zoona, ndipo ine ndavomera mlandu.

Thanki itangotha kupangidwa ndinapeza dizilo pa filingi ina kuno ku Lilongwe. Mzere unali wautali. Nditafika pa pampu ndinadzaza yapansi, kenako ndinamunong'oneza wothira uja, tinamvana, anadzazanso yapamwamba. Ndikutuluka ndinamva kuti mafuta atha. Kumbuyo kwanga kunali minibasi. Dalaivala wake, bambo wachikulire wa imvi, sanandilalatire. Anangotsitsa galasi n'kunena kuti, "Mwakhuta, mwana wanga?" Mawu amenewo ananditsata mpaka kunyumba. Malita 100 amene ndinabisa kumbuyo kwanga anali ntchito ya masiku angapo ya munthu ameneyo, kondakitala wake, ndi anthu onse amene akanakwera kupita ku ntchito.

Thanki siibereka mafuta. Imangosuntha mafuta kuchoka kwa amene ali kumbuyo kwako kubwera kwa iwe. Dziko lathu nalo lili ndi thanki yake yachiwiri, nkhokwe za NOCMA za ku Kanengo, ku Matindi ndi ku Sonda, koma nkhokwe imathandiza pokhapokha ngati unaikamo nthawi yokolola. Ukamadzaza nkhokwe yako pakati pa njala, ukudzaza ndi nsima ya mnzako.

Ife a kunyanja tikuidziwa nkhani imeneyi. Anthu atayamba kuwedza ndi masikito a udzudzu, aliyense ankati "ine ndekha sindingamalize nyanja." Masikito amakokolola ndi tiana tomwe. Lero chambo chija tinkadya ngati ndiwo wamba chasanduka chakudya cha m'mahotela. Koma pitani ku chilumba cha Mbenji konkuja ku Salima, kumene mafumu amatseka usodzi miyezi ya mvula chaka chilichonse. Akatsegula, nsomba zimapezeka. Nyanja ndi yomweyo, anthu ndi omwewo, kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko anagwirizana pothera.

Wina anena kuti, "Ndalama ndi yanga, thanki ndi yanga, ndani andiletse?" Zoona, ndi zanu. Koma mawa mayi anu akadwala usiku, galimoto yokawatenga idzafuna dizilo yemweyo. Chigayo cha kumudzi kwanu chimayendera dizilo yemweyo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndiye ine ndinadziikira malamulo, ndipo ndikupempha anzanga a mapikapu tiwatenge tonse. Thanki yapamwamba ndimadzaza tsiku limene pa filingi palibe mzere. Pakakhala mzere, ndimathira yapansi yokha ngati wina aliyense, ndipo wothira sindimupatsa ya fanta. Dizilo wa m'thankiyo ndi wa ulendo wanga, sindigulitsa ngakhale botolo limodzi. Pali ena akuika mathanki pa magalimoto kuti azizungulira mafilingi, madzulo n'kukapopera m'zigubu kuseri kwa nyumba, m'mawa akugulitsa pa mtengo wowirikiza. Imeneyo si thanki ya ulendo, ndi chigubu chovala jekete. Komanso taganizani mmene nyumba zathu zakhalira ku Mgona kapena ku Chinsapo, khoma kugundana ndi khoma, mbaula pakhomo lililonse, ana akusewera pakati. Moto ukabuka pamenepo sufunsa kuti diramu inali ya ndani.

Ndipo kwa amene ulendo wanu ndi Area 25 kupita m'tauni n'kubwerera, thanki imeneyi si yanu. Mungonyamula kulemera ndi mantha. Isiyireni amene akunyamula nsomba, tomato, mkaka, odwala, amene tsiku limodzi la pa mzere limawaphera mpamba.

Bambo ataiona thankiyo koyamba anaizungulira, anaigogoda ndi chala, n'kufunsa kuti mumalowa zingati. Nditawauza anati, "Chabwino. Koma ukamakweza bwato uzisiya malo a mnzako amene lake lamira." Anapita kukasoka ukonde wawo.

Tumizani kwa madalaivala, amakaniko ndi owotcherera amene mukuwadziwa. Amene simukugwirizana nane yankhani pagulu pompano, tikambirane mwaulemu, osatukwana.

Ndine wanu,
Mwana wa msodzi, Area 23.