Zisankho zinapita, koma mayeso a ukhristu wathu akadalipo

Pa 16 September 2025 Amalawi tinaponya voti. Pa 24 September, bungwe loyendetsa zisankho la MEC lisanalengeze zotsatira, Dr Lazarus Chakwera anavomereza poyera kuti agonja, ndipo pa 4 October Pulofesa Arthur Peter Mutharika analumbiritsidwa kukhala mtsogoleri wa dziko lino. Ulamuliro unasintha manja mwamtendere. Funso lotsalira ife akhristu a pa Boma la Mchinji ndi midzi yozungulira ndi lakuti: kodi mtendere umenewu unafikanso m'miphakati mwathu?

Nthawi ya kampeni imasiya zilonda. Anthu oimba kwaya imodzi amaleka kupatsana moni chifukwa cha nsalu za zipani, ndipo ena amayamba kujomba ku mphakati poopa kusekedwa. Apa ndi pamene pamaonekera msinkhu wathu pa moyo wauzimu. Ansembe a White Fathers anafika ku Kachebere m'chaka cha 1903, choncho Mpingo wakhala m'boma lino zaka zoposa 120. Komatu kukhwima kwa mkhristu sikuwerengedwa ndi zaka za ubatizo. Paulo Woyera, pa Aefeso 4, akulumikiza kukula mwa Khristu ndi kudzichepetsa, kufatsa ndiponso kupirirana mwachikondi.

Kudzichepetsa kukufunika mbali zonse ziwiri. Amene chipani chake chinagonja akuitanidwa kulandira chifuniro cha anthu popanda kusunga mangawa. Amene chipani chake chinapambana ali ndi mayeso ovuta koposa, pakuti chigonjetso chimabala matama. Tikumbukire kuti omwe anavina mu June 2020 ndi omwe anagwira njakata mu 2025. Akuluakulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mfarisi wa pa Luka 18 sananame za kusala kudya kwake kapena chachikhumi chake. Chinamugwetsa n'kunyoza mnzake amene ankapemphera naye m'Nyumba imodzi.

Chifundo nacho sichithera pa mawu. Zisankho zitangotha, dziko linayang'anizana ndi njala, mpakana boma linagwirizana ndi Zambia zogula matani 200,000 a chimanga. Ife okhala pafupi ndi chipata cha Mwami timaona magalimoto a katundu akudutsa, koma timadziwanso makomo amene utsi sufuka. Mphakati ukamalemba maina a amasiye, okalamba ndi odwala oti athandizidwe, kodi dzina la amene anavotera kwina limalowa m'kaundula? Tikamabwereketsa thumba la chimanga m'miyezi ya njala, kodi timafuna awiri pokolola? Katapila wotere sagwirizana ndi Ukaristia umene timalandira Lamulungu.

Akatekisiti ndi atsogoleri a miphakati ali ndi udindo waukulu pa nkhaniyi. Ayambe ndiwo kuyendera mkhristu amene anasiya kubwera ku mapemphero, osadikira kuti iye apepese. Pogawa maudindo ndi thandizo, aonetsetse kuti mtundu wa nsalu ya chipani sukuwerengedwa. Limbikitsaninso akhristu kupita ku Sakramenti la Kulapa, chifukwa munthu amene wagwada n'kukhululukidwa savutika kukhululukira mnzake.

Zisankho zina zidzabwera, ndipo zipani zidzasinthananso mipando. Koma maliro akagwa pamudzi, amene adzakumba manda ndi kuphika nsima ndi anansi athu omwewa. Tiyanjane nawo lero, tisanakumane pa siwa.