Kambalame ka Twitter kadachoka, koma dzina likadali m'makina

Mukukumbukira mmene Celtel idasinthira dzina kukhala Zain mu 2008, kenaka Airtel mu 2010? Zikwangwani adapenta mwachangu, koma anthu adatha nthawi akunenabe kuti "ndipatseni mayunitsi a Celtel". Kwa makampani a mapulogalamu a pa intaneti ntchitoyi ndi yolemera kuposa pamenepo, chifukwa dzina lakale silitsalira pakamwa pa anthu pokha. Limakhala litalembedwa m'kati mwa makina, m'malo ambirimbiri, ndipo pamene akulizula pang'onopang'ono ndi pomwe akathyali amapezera mpata wolowera m'foni mwanu kapena mwa mwana wanu.

Taonani za Twitter. Elon Musk adagula kampaniyi mu Okutobala 2022 pa mtengo wa madola 44 biliyoni, ndipo mu Julayi 2023 adachotsa kambalame kabuluu kaja n'kuikapo chilembo X. Chizindikiro chidasintha tsiku limodzi. Koma kuti keyala ya tsambali ichoke pa twitter.com kupita pa x.com padapita miyezi pafupifupi 10, mpaka Meyi 2024. Ngakhale pambuyo pake zotsalira zidakhalapobe: pulogalamu yake ya mafoni a Android idapitiriza kudziwika ndi dzina la m'kati loti com.twitter.android, ndipo zithunzi zidapitiriza kuchokera ku makompyuta a keyala ya twimg.com.

Si ulesi ayi. Dzina la m'kati lili ngati nambala ya pa chiphaso cha unzika. Mukalisintha, Google Play imaiona pulogalamuyo ngati yachilendo, ndiye kuti aliyense amene ali nayo kale asiya kulandira zokonza, ndipo ayenera kuikanso ina. Keyala yakale nayo sangangoitaya. Malinki ake adamwazika kale m'nyuzipepala, m'malipoti a maboma ndi m'mauthenga a anthu, ndipo kampani itaisiya munthu wina akhoza kuigula n'kumalandira aliyense wodina malinki amenewo. N'chifukwa chake amailipirabe, n'kuiuza kuti izilondolera alendo ku keyala yatsopano. Zikufanana ndi Panado ndi paracetamol: dzina la pa paketi likhoza kusintha, koma wopereka mankhwala amawerenga lomwe lalembedwa pansi ndi zilembo zing'onozing'ono.

Ngozi imabwera kampani ikafuna kudula njira. Mu Epulo 2024 pulogalamu ya X ya pa iPhone idayamba kusintha yokha mawu oti twitter.com kuti azioneka ngati x.com pa chilichonse chomwe anthu alemba. Okonzawo sadaganizire za makeyala ena omwe amangothera ndi zilembo zomwezo. Zotsatira zake, munthu akalemba netflitwitter.com, owerenga ankaona netflix.com. Akalemba fedetwitter.com, ankaona fedex.com, yomwe ndi kampani yodziwika yotumiza katundu. Maso akuwerenga dzina lodalirika, koma chala chikadina, foni ikupita ku tsamba la munthu wina amene simukumudziwa. Anthu ena akufuna kwabwino adathamangira kugula makeyala oterowo kuti mbava zisawapeze, ndipo X idakonza vutoli patangopita masiku ochepa. Kwa ine, uku kudali kupupuluma kosayenera kampani yosunga mauthenga a anthu mamiliyoni. Adafuna dzina lakale lisaoneke, osayamba aona kuti lalumikizana ndi chiyani.

Kumapeto kwa 2025 kudabukanso ina. X idauza onse otsekula akaunti ndi kiyi yachitetezo, yomwe kwa ena ndi kachipangizo kolowetsa pa kompyuta, kuti ailembetsenso pofika pa 10 Novembala, apo ayi atsekeredwa kunja. Makiyiwo adawamangirira ku twitter.com, ndipo sakadavomera x.com. Kiyi yotere siyang'ana chizindikiro kapena mtundu wa tsamba, imawerenga keyala basi. M'pake kuti kuinamiza n'kovuta kuposa kunamiza munthu.

Ambiri mwa inu simuli pa X, muli pa Facebook ndi WhatsApp. Kampani ya Facebook idakhala Meta pa 28 Okutobala 2021, koma idasankha njira yofatsa. Idasintha dzina la kampani, n'kusiya maina a mapulogalamu ndi makeyala ake mmene adalili. Ngakhale chidule chake pa msika wa masheya ku America chidadikira mpaka Juni 2022 kuti chichoke pa FB kukhala META. Komabe dzina lachilendoli lidapatsa akathyali chovala chatsopano. Mauthenga onamizira kuti achokera ku "Meta", oopseza kuti tsamba lanu litsekedwa mukapanda kudina linki n'kutsimikiza kuti ndinu mwini wake, ndi ofala m'maiko ambiri. Munthu amene adangomva mphekesera kuti Facebook idasintha dzina amakhulupirira msanga.

Inu odzipereka pa zaumoyo, ganizirani zomwe zili m'foni mwanu. Muli gulu la WhatsApp la amayi a kusikelo, maina a ana omwe sadamalize katemera, mwina ndi uthenga wa munthu amene adakuuzani za matenda ake mwachinsinsi. Wakuba akalanda akaunti yanu, watenganso ulemu omwe anthu amakupatsani. Akalemba m'dzina lanu kuti wodwala akufunika ndalama ya thiransipoti pa Mpamba kapena Airtel Money, alipo amene atumize osafunsa.

Kusintha dzina kwa kampani sikufuna kuti muuze munthu nambala yanu yachinsinsi, kapena manambala 6 aja omwe WhatsApp imatumiza pa SMS. Wokupemphani zimenezi ndi mbava, kaya chizindikiro chake n'chooneka bwino chotani. Pa keyala, mwini wake ndi liwu lomwe lagundana ndi mathero monga .com kapena .net. Keyala yonga facebook.com.thandizo.net si ya Facebook, ndi ya mwini thandizo.net. Ndipo poti za mu Epulo 2024 zidaonetsa kuti ngakhale cholembedwa pa linki chikhoza kunama, mukakayika musadine. Tsekulani pulogalamu yeniyeniyo, kapena lembani nokha keyalayo.

Makolo, funsani ana kuti mapulogalamu a m'foni mwawo adawatenga kuti. Ambiri amapatsana pa Bluetooth kapena kukaikitsa kumsika, ndipo wina akangoti "iyi ndi WhatsApp yatsopano, adasintha dzina" amalandira. Pulogalamu yeniyeni ikasintha dzina kapena chizindikiro, imasinthira momwemo m'foni kudzera pa Play Store, osati pa fayilo yotumizirana. Madzulo ano tsekulani WhatsApp limodzi ndi mwanayo, lowani pa Settings, kenaka Account, muyatse Two-step verification, aliyense asankhe nambala yakeyake.