Caka Coyembekeza Ncayani?

Ku Britain ndi ku America ana ena akatsiriza sekondale amapuma caka cathunthu asanalowe yunivesite. Prince William anatero mu 2000, napita ku Chile kukagwira nchito za manja. Malia Obama anayembekeza caka cimodzi asanalowe Harvard mu 2017. Iwowa anasankha okha, malo ao ali osungika kale.

Ku Zambia nkhani ndi ina. Mwana amene walemba mayeso a Giredi 12 sapuma mwa kufuna kwake iai. Ayembekeza zotsatira za mayeso, ayembekeza yankho la ku University of Zambia kapena ku Copperbelt University, ayembekezanso ndalama. M'zaka za m'ma 1970 otsiriza Fomu 5 ankapita ku makampu a Zambia National Service mokakamizidwa. Lamulo limenelo linatha, tsono miyezi yonseyi yagwera m'manja mwa makolo, ndipo ambiri a iwo aigwira moipa.

Amene alakwiridwa koposa ndiye mtsikana. Tsiku lomwe wavula yunifomu, amai ake aona kuti apeza wanchito wosalipidwa. Atunge madzi ndiye, alere ana a mkulu wake ndiye, akhale pamsika kugulitsa tomato kufikira dzuwa litalowa ndiye. Akatsegula buku amva mau akuti, “Kodi sukulu sinathe?” Kuthandiza pakhomo nkwabwino, palibe wokana. Koma kholo limene lidziwa mtengo wa thumba la feteleza, osadziwa tsiku lotsiriza kupereka mafomu a ku yunivesite, lasandutsa mwana wake khasu. Ndipo pakafika munthu wa ng'ombe kudzafunsira mbeta, makolo otere sacedwa kunena kuti, “Nanga akungokhala, angokwatiwa.” Wamkhazika ndani?

Mnyamata naye aonongedwa mwa njira ina: amsiya cabe. Adzuka dzuwa lili pamutu, madzulo ali kumowa, atate ake nangoti wakula, adziwa yekha.

Ena adzati umphawi ndiwo ucititsa zonsezi. Umphawi ulipodi. Koma kufunsa mwana cimene afuna kuphunzira sikulira ngwee. Kumpatula maora awiri pa tsiku kuti awerenge, kumtuma kwa mmisiri wa matabwa kapena kwa telala kuti manja aphunzire, kumsungira nkhuku zingapo za ulendo wa ku Lusaka kapena ku Kitwe, zimenezi ngakhale mlimi wa ku Katete angazithe. Iwo omwe alira umphawi pa ndalama ya fomu amaipeza msanga ndalama ya mowa wa pa ukwati wa mwana yemweyo.