Ngamla sadali malaya oti n'kuvula

Achinyamata anzanga, pali mawu ena amene ndatopa kuwamva nthawi zonse nkhani ya masewero a pa kanema ikabuka pakati pathu. Katswiri wa zisudzo akachotsedwa m'sewero limene timalikonda, sipalephera kupezeka munthu wodziyesa wozindikira amene amati: "Sewero ndi lalikulu kuposa munthu. Achoke, abwera ena." Amanena zimenezi mopepuka, ngati akukamba za kusintha tayala la njinga. Sabata ino ndafuna kuti tiwaike mawu amenewa pa mbalambanda, ndipo ndineneretu kuti ine ndikuwatsutsa. Mboni yanga ndi zimene zidachitikira sewero la Generations la ku South Africa m'chaka cha 2014.

Ambiri a ife sewero limeneli tidakula nalo. Lidayamba kuonetsedwa pa SABC mu 1994, chaka chimene dzikolo lidachita chisankho choyamba cha anthu a mitundu yonse, ndipo amene adaliyambitsa adali Mfundi Vundla. Nkhani yake idali ya banja la Moroka ndi makampani otsatsa malonda mu mzinda wa Johannesburg. Kwa anthu amene adangotuluka kumene mu ulamuliro wa tsankho, kuona anthu akuda atavala masuti, akuyendetsa makampani awoawo ndi kukangana za mamiliyoni, chidali chinthu chachilendo ndi chonyaditsa. Kuno kwathu, nyumba imene idali ndi dishi ndi dikoda yogwira SABC mwaulere inkadzaza nthawi ikamakwana 8 koloko usiku, pakuti nthawi ya ku Johannesburg ndi ya kuno ndi imodzi. Ana a anthu oyandikana nawo ankakhala pansi, akuluakulu pa mipando, ena n'kumasuzumira pa zenera. Mwayi umenewu udatha mu 2013 pamene kampani ya Sentech idatseka njira yoonera mwaulere kunja kwa dzikolo, koma pofika nthawiyo mayina a Queen Moroka, Kenneth Mashaba, Dineo, Khethiwe, Choppa ndi Sibusiso Dlomo, uja ankamutcha Ngamla, adali atalowa kale m'nyumba zathu ngati achibale.

Tsono mu Ogasiti 2014, akatswiri 16 amene adali nsanamira za seweroli adanyanyala ntchito. Sikadali koyamba, chifukwa adanyanyalaponso mu Okutobala 2013 ndipo adabwerera ku ntchito pokhulupirira kuti madandaulo awo amveka. Ulendo wachiwiriwu adauzidwa kuti abwerere pofika tsiku loikika, iwo adakana, ndipo onse 16 adachotsedwa ntchito nthawi imodzi. Mwa iwo mudali Sophie Ndaba, amene adakhala Queen kwa zaka pafupifupi 20. Menzi Ngubane, amene adali Sibusiso kwa zaka zoposa khumi. Seputla Sebogodi, Katlego Danke, Winnie Ntshaba, Nambitha Mpumlwana, Slindile Nodangala, Patrick Shai ndi anzawo ena. Magawo amene adali atajambulidwa kale adatha kumapeto kwa Sepitembala, ndipo kwa miyezi iwiri Generations idazimiririka pa kanema. Malo ake a 8 koloko adapatsidwa kwa Skeem Saam.

Kodi anthuwa ankafuna chiyani kuti mpaka alangidwe chotere? Zinthu zitatu: malipiro okwererapo, makontirakiti a zaka zitatu m'malo mokhala ndi mantha chaka ndi chaka, ndi gawo la ndalama zimene zimalowa sewero likabwerezedwa pa kanema kapena likagulitsidwa ku mayiko ena. Ndikupemphani kuti tiime pang'ono pa chachitatuchi, popeza apa ndi pamene pagona nkhani. Mmisiri akamanga nyumba amalipidwa kamodzi, ndipo palibe amene angadandaule, chifukwa thukuta lake limathera pa nyumba imodziyo. Ntchito ya wazisudzo ili ndi chikhalidwe china. Misozi imene Winnie Ntshaba adagwetsa tsiku limodzi pamaso pa kamera ingathe kuonetsedwa usiku, kubwerezedwa m'mawa, kubwerezedwanso kumapeto kwa sabata, kenaka n'kugulitsidwa kunja, ndipo Generations idafika kutali ndithu, mpaka ku Jamaica. Nthawi iliyonse imene misozi ija ikuonekanso, otsatsa malonda akulipira ndipo wina akulandira. Nkhope ndi yake, mawu ndi ake, koma thumba limene likufufuma ndi la wina. Makolo athu adaona kale zotere pamene adati wopusa adaomba ng'oma, wochenjera navina. Kusiyana kwake n'kwakuti oomba ng'oma a mu 2014 sadali opusa. Adafunsa kuti phindu la gule likupita kuti, ndipo chifukwa cha kufunsako adalandidwa ng'oma. Nafe kuno lingaliro limeneli silachilendo: bungwe la COSOMA limatolera ndalama kuti woimba alandirepo kanthu nyimbo yake ikaseweredwa pa wailesi. Nanga wazisudzo walakwanji?

Ndikudziwa yankho limene ena ali nalo kale pakamwa. Vundla adauza atolankhani kuti akatswiriwa ankalandira ndalama zapakatikati zokwana R55,000 pa mwezi, ndipo anthu ambiri atamva chiwerengero chimenechi chifundo chawo chidauma pomwepo. M'dziko limene anthu ochuluka alibe ntchito, munthu wolandira zotere angadandaule bwanji? Funsoli limamveka lolungama, koma ndi msampha wakale kwambiri wa olemba anzawo ntchito: kuonetsa wosauka malipiro a mnzake kuti amukwiyire, n'kuiwala kufunsa za phindu la bwana. Chiwerengero cha malipiro chidalengezedwa poyera kuti aliyense achiweruze. Chiwerengero choyenera kuchiika pambali pake ndi cha ndalama zimene sewero loonedwa ndi anthu pafupifupi 7 miliyoni usiku uliwonse linkabweretsa kudzera mu malonda. Popanda kuika ziwirizi pamodzi, kunena kuti malipiro ndi ochuluka ndi kuyeza ufa popanda muyeso. Tikumbukirenso kuti azisudzo a ku South Africa ankalembedwa ngati anthu odziimira paokha, osati ngati antchito a kampani, kotero kuti za penshoni ndi chithandizo cha kuchipatala zidali zodzionera okha. Olemba sewero akangoganiza kuti mtengambali wakuti afe pa ngozi ya galimoto, malipiro nawo amafera pa ngozi yomweyo.

Tibwerere tsono ku mawu aja akuti achoke, abwera ena. Ngati ali oona, bwanji eni sewero sadangotenga munthu wina, kumuveka suti, n'kumuuza kuti kuyambira Lolemba iwe ndiwe Sibusiso Dlomo? Akatswiri ofuna ntchito adalipo ambirimbiri. Sadachite zimenezo chifukwa ankadziwa kuti oonera akadaseka. Ukali wa Ngamla, kayang'anidwe kake kaja koti munthu n'kuiwala chimene amafuna kunena, sizidalembedwe pa pepala lililonse. Adazibweretsa Menzi Ngubane m'thupi mwake. Makani a Queen ndi kukonda kwake miseche zikadatha kunyansa anthu, koma Sophie Ndaba adazisandutsa chinthu choti tizichiyembekezera. Ife Amalawi sitifunika kuphunzitsidwa zimenezi. John Nyanga atamwalira mu 2016, ndani adaganiza zoti apeze mnyamata wina, amuveke zovala za Izeki, kuti aime pambali pa Jakobo ngati palibe chachitika? Aliyense adadziwa kuti Izeki wapita ndi mwini wake.

Chimene eni Generations adachita ndi umboni woposa mawu anga onse. Pa 1 Disembala 2014 sewero lidabwerera ndi dzina latsopano, Generations: The Legacy, ndipo nkhani yake idalumpha zaka 20 kupita kutsogolo. Taganizani: kuti abise dzenje limene anthu 16 adasiya, padafunika kulikwirira ndi zaka makumi awiri zathunthu. Ndipo ngakhale zidatero, adaopabe kubwera ndi nkhope zachilendo zokhazokha. Adaitana Connie Ferguson kuti akhalenso Karabo Moroka, ndi Rapulana Seiphemo kuti akhalenso Tau Mogale. Anthu amene ankatiuza kuti munthu alibe kanthu adathamangira kukafuna anthu amene oonera ankawadziwa kale.

Ndisamveke molakwa. Atengambali amasintha, ndipo sewero lokhalitsa silingapewe zimenezi. Connie Ferguson yemweyo adachoka mwa kufuna kwake mu 2010, olemba adamukonzera njira yotulukira, tidadandaula pang'ono, moyo udapitirira. Ena amachoka chifukwa cha matenda, ena imfa, ena apeza msipu wobiriwira. Zimenezo sindikulimbana nazo. Komanso achinyamata amene adalowa mu The Legacy sindiwada. Adapeza khomo lotsekula, adalowa, ndipo ena mwa iwo, monga Manaka Ranaka pa udindo wa Lucy Diale, adaonetsa luso lenileni. Mlandu wanga uli pa kuchotsa gulu lonse la anthu monga chilango chifukwa chofunsa, kuti otsala ndi obwera aphunzire kutseka pakamwa. John Kani, mkulu wolemekezeka pa zisudzo m'dzikolo, amene mwana wake Atandwa adali mmodzi mwa ochotsedwa, adaima poyera kumbali ya akatswiriwa, koma ngakhale mawu a munthu wotere sadatsekule chitseko.

Pali wina amene sindinamutchule pa mlanduwu, ndipo ndi ife oonera. Mu Ogasiti tidalumbira pa Facebook kuti popanda Dineo ndi Ngamla sitidzaoneranso. Mu Disembala ambiri adakhala pansi kuti "angoona momwe ayambire", ndipo kuonako kudapitirira. N'zoona kuti Uzalo, sewero la ku KwaMashu limene lidayamba mu 2015, lidalanda Generations ufumu wokhala sewero loonedwa kwambiri m'dzikolo. Komabe The Legacy idasunga oonera mamiliyoni ndipo idakwanitsa zaka khumi mu 2024. Wina anganene kuti pamenepa ndiye mawu aja apambana, sewero laposadi munthu. Ine ndikuti chimene chidapambana ndi chizolowezi chathu. Wailesi ya kanema imagulitsa maso athu kwa otsatsa malonda; ndiwo katundu wake weniweni. Eni sewero adabetcha kuti maso amenewa adzabwerera 8 koloko ikakwana, kaya pa kanema pali ndani, ndipo tidawapatsa chipambano ndi manja athu. Timati timamukonda wazisudzo, timamutchula dzina la m'sewero tikakumana naye, timapempha kujambulitsa naye chithunzi, koma tsiku limene adafuna kuti chikondi chathu chimuthandize pa nkhani ya mkate wake, chikondicho chidakhala miyezi iwiri yokha. Inu amene mawa mudzalembedwa ntchito pa kontirakiti ya chaka chimodzi, ndipo mudzauzidwa kuti panja pali anthu zana ofuna malo anu, mudzawazindikira mawu amenewa, pakuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Funso la anthu 16 aja silidafe ndi ntchito zawo. Lamulo loteteza azisudzo ndi oimba ku South Africa lidalembedwa mu 1967, pamene dzikolo lidalibe n'komwe wailesi ya kanema, popeza SABC idayamba kuonetsa kanema mu 1976. Bilu yokonza lamuloli, imene mwa zina idafuna kuti azisudzo azilandira gawo lawo ntchito yawo ikagwiritsidwanso ntchito, idavomerezedwa ndi Nyumba ya Malamulo mu 2019. Pulezidenti Cyril Ramaphosa adaibweza mu 2020. Aphungu adaivomerezanso mu 2024, ndipo chaka chomwecho iye adaitumiza ku khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko. Pa nthawi imene mapepala ankayenda uku ndi uku, Menzi Ngubane adagwira ntchito mu Ashes to Ashes ndi mu Isibaya, ndipo kulikonse kumene adapita oonera adamutsatira. Adamwalira mu Malichi 2021. Patrick Shai adamwalira mu Januwale 2022. Onse awiri adapita biluyo isanasainidwe.