Njira za ndege zikamajambulidwa, nafe a ku Kawale tiitanidwe

Ku Kawale ndege timaiona ili kadontho m'mwamba, ndipo ambirife sitinaikwerepo. Ndiye ndikanena kuti tizifunsidwa pa nkhani ya njira zimene ndege zimadutsa potera ndi ponyamuka pa Kamuzu International Airport, ena muganiza kuti mabuku andizunguza mutu. Tandimverani kaye.

Njira ya ndege ikajambulidwa imalamulanso za pansi: kutalika kwa nyumba ndi nsanja za foni pafupi ndi bwalo, sukulu imene mphunzitsi azisiya kaye kulankhula ndege ikamadutsa, ngakhale kotayira zinyalala. Bungwe la ICAO limalangiza kuti mtaya usakhale mkati mwa makilomita 13 kuchokera pa bwalo, chifukwa zinyalala zimaitana mbalame, ndipo mbalame ikalowa mu injini ndi ngozi.

Bwaloli linatsegulidwa mu 1983, Lumbadzi ali kutali ndi tauni. Lero mzinda ukukwawira komweko, kudutsa Mgona, Kanengo ndi Area 25. Nanga akusaka mapuloti kumeneko ndani? Ndife tomwe. Munthu akangopata ntchito yoyamba, maloto ake ndi kuthawa lendi ya ku Kawale kapena ku Biwi n'kukapeza kamalo kotchipa chakumpotoko. Amakaonana ndi amfumu, amafunsa za madzi, magetsi ndi minibasi. Za kumwamba safunsa. Tsiku limene ndege zidzachuluke, njira n'kusinthidwa, adzazindikira nyumba atafolera kale.

Ku Britain, bwalo likafuna kusintha njira za ndege limatsata ndondomeko yotchedwa CAP1616: limatulutsa mapu osonyeza kumene phokoso lidzafike, n'kumva maganizo a anthu, kawirikawiri kwa masabata 12. Ifenso malamulo sakusowa. Mu 2017 panabwera lamulo latsopano la za ndege komanso la zachilengedwe, ndipo lamulo lopatsa nzika mwayi wopeza zikalata za boma linayamba kugwira ntchito mu 2020. Chimene chimandidetsa nkhawa ndi kafunsidwe kathu kozolowereka kaja: ku hotela, m'Chingerezi, oitanidwa ndi omwewo, alawansi n'kubalalika.

Ena amati nkhaniyi ndi ya akatswiri, mayi wogulitsa tomato sangaitolere. Ine ndikukana. Ndege ya asilikali itagwa ku Chikangawa pa 10 Juni 2024, n'kupha Saulos Chilima ndi anthu ena 8, m'maminibasi monse munali mafunso a radar, nyengo ndi mafuta, ndipo ambiri mwa mafunsowo anali anzeru. Anthu amamva akauzidwa m'chinenero chawo.

Choncho a Malawi Civil Aviation Authority akadzafuna kukonzanso njirazi, mapu adzapachikidwe ku sukulu ndi ku misika ya Lumbadzi, Area 25 ndi kuno ku Kawale, ofotokozedwa m'Chichewa, asanasainidwe. Msonkhano wake udzakhale Loweruka, osati Lachiwiri m'mawa aliyense ali ku ntchito kapena ku geni.