Cigayo Sicidziwa Cibale

Abale anga, ndiri nao mlandu eni masitolo, eni zigayo ndi akuru a makampani, ndipo ndiunena poyera. Pofuna wanchito iwo amati, "Tifuna munthu woyenerana nafe." Mauwo ngokoma, koma mukawasenda mupeza kanthu kena m'kati mwace: woyenerana nafe ndiye mwana wa mlongo wanga, kapena wa kwathu, wolankhula cinenero canga. Ndikana ndithu kuti kumeneko ndi kusankha wanchito. Ndiko kugawa ndiwo pa mbumba.

Ndinaziona ndi maso anga m'mudzi mwathu. Mkuru wina anagula cigayo ca injini ya dizilo ndi ndalama za fodya zimene anasunga zaka zambiri. Anadza anyamata awiri kudzafuna nchito. Mmodzi anali mlendo wocokera kunyanja, amene anagwirapo pa cigayo cina. Pofika iye sanayambe ndi kufunsa za malipiro, koma anagwira lamba, nasuzumira sefa, nafunsa kuti oilo anamsintha liti. Winayo anali mwana wa mlongo wace wa mwini cigayo. Mkuruyo anatenga wacibaleyo, nati, "Mlendo sitimdziwa mtima wace." Isanathe miyezi inai injini inapsya, pakuti mnyamatayo sanali kuyang'ana oilo, ndiponso ndalama za madebe opera madzulo sizinali kulowa m'buku. Tsono tamvani coipa coposa: atsibweni sanakhoze kumcotsa. Akadatero, mlongo wao akadalira pabwalo, ndi mudzi wonse ukadawayesa ouma mtima. Amai anayambanso kusenza cimanga ulendo wa maora awiri, ena nabwerera ku mtondo.

Mudzati, "Cibale ndi fupa, siciola, kodi munthu asathandize ace?" Athandize ndithu. Amlipirire sukulu, ampatse munda, amgulire njinga. Ngati mbaleyo adziwadi nchito, ayesedwe pamodzi ndi anzace, ndipo akapambana alembedwe popanda manyazi. Koma kumpatsa nchito imene saitha ndiko kumthandiza ndi ufa wa anthu ena, amene sanafunsidwe.

Enanso alakwa kumbali yina, napembedza pepala. Ine ndine mphunzitsi, ndipo sindinyoza mayeso. Koma setifiketi inena kuti munthu anakhoza masamu, sinena ngati adzabweza cenje ca nkhalamba yosadziwa kuwerenga. Aja anaba ndalama za boma ku Capital Hill, ku Lilongwe, mlandu wa Cashgate wa caka ca 2013, sanali anthu osapita kusukulu.

Nanga woyenera adziwika bwanji? Mumfunse amene anamlembapo kale, pamaso ndi pamaso, pakuti kalata wa umboni akhoza kulembedwa ndi bwenzi. Mumpatse nchito yeniyeniyo aigwire tsiku limodzi inu muli kupenya, ndipo mupenyetsetse umo alandirira mai wodza ndi kadengu kakang'ono. Lamulo la nchito la Malawi, Employment Act la caka ca 2000, lilola kuti wanchito waluso ayambe ndi nthawi ya kuyesedwa, yosapitirira miyezi 12. Lamulo lomwelo liletsa kusankha munthu cifukwa ca mtundu wace, cinenero cace, cipembedzo cace, kapena kuti ali mkazi. Cotero iye wokana mlendo pa cifukwa ca mtundu wace sacimwira nzeru yokha, acimwiranso lamulo. Ndipo ife a mu mpingo tisadzinyenge: kukana munthu wokhoza pakuti apemphera kwina ndi tsankho lomwelo, lobvala malaya a tsiku la Sabata.

Mlendo uja ndamva kuti anapeza nchito pa cigayo ca ku boma, ndipo ali komweko kufikira lero. Cathu cikali pompo, cacita dzimbiri, ndi nkhuku ziikira mazira m'kati mwace.