Tisakweze matumba tisanaone mabuleki

Alimi anzathu, kachewere wa ku Tsangano ndi kabichi wa ku Lizulu sapita okha ku Blantyre. Timachita hayala malole, ife eni n'kukhala pamwamba pa matumba. Nanga bwanji timanenerera mtengo ola lathunthu, koma za mabuleki osafunsako?

Malole ang'onoang'ono ambiri mabuleki ake amayendera mafuta. Dalaivala akaponda, chopondera chiyenera kulimba chisanafike pansi. Chikamafewa ngati siponji, kawirikawiri m'mapaipi mwalowa mpweya, ndipo makaniko ayenera kuuchotsa. Chikamatsika pang'onopang'ono phazi lili pompo, mafuta akudontha penapake kapena timphira ta mu master cylinder tatha. Mafuta okhalitsa nawo amayamwa madzi, ndipo pamtsetse wautali ngati wa Khwekhwerere amawira, buleki n'kuthawa. Kupopa kawiri katatu si kukonza ayi.

Kuona izi sikulira sukulu. Tisanakweze thumba loyamba, tione muyezo wa mafuta m'kabotolo kake. Tisuzumire kuseri kwa matayala ngati kwanyowa. Dalaivala aponde ife tikuona, ationetsenso COF.

Ena akuti tikavuta, mwini lole apita kwina, tomato n'kutiwolera pamsewu. Zimenezo zimagwera mlimi amene ali yekha. Makalabu onse a m'Ntcheu muno atamanga chimodzi, lole yofewa buleki ingasowe katundu, ndipo mwini wake angathamangire yekha kugalaja.

Choncho mfundoyi ilowe m'malamulo a kalabu iliyonse tisanayambe kukolola. Ndalama ndi zathu, moyo ndi wathu. Mbewa ya manyazi inafera kudzenje.